Kuyeza Nyanja ndi Ndodo ya Mopu

Nkhani ya mayeso ija amuna anga anandiuza tikumwa tiyi pa kamalo kena kodyera ku Al Mansoura, komwe tinkakumana Lachisanu lililonse. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku West Bay ndipo ndimagona komweko, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Iwo amagwira pa hotela ina yomwe ili ndi maboti onyamula alendo, ndipo amagona ku nyumba ya kampani pamodzi ndi amuna anzawo. Choncho banja lathu kuno ku Doha ndi la tsiku limodzi pa sabata. Tsiku lomwelo ndi limene timalankhula pa foni ndi mwana wathu, mtsikana wa zaka zitatu yemwe tinamusiya ndi mayi anga ku Ntcheu.

Nthawi imeneyo ntchito yawo inali yotsuka maboti: kukwecha mchere, kupukuta mipando, kukulunga zingwe. Kontirakiti yawo inali pafupi kutha, ndipo bwana wawo anali atanena poyera kuti otsuka achuluka. Amene akhoze mayeso a papepala a zoyendetsa boti atsala, n'kuyamba kukwera nawo panyanja. Ena onse awapatsa tikiti ya kwawo. Kontirakiti yanga inali isanafike n'pakati pomwe. Iwo akanabwerera, ine ndikanatsala ndekha m'dziko lino, wopanda munthu wondifunsa m'Chichewa ngati ndadzuka bwino.

"Ndiye muwerenge zolimba," ndinatero.

Sindinadziwe kuti ndikudziputira zotani.

Lachisanu lotsatira anabwera ndi chikwama chodzaza mapepala. Anakankhira mbale zathu kumapeto kwa tebulo n'kuyala mapepalawo. Zina zonse ankati akuzimva: magetsi a maboti, malamulo opatukirana panyanja, mapu. Chimene chinawakanika chinali masamu a kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, zomwe iwo amati mataidi.

Anandifotokozera kambirimbiri mpaka nanenso ndinagwirapo pang'ono, ngakhale sukulu ndinalekera Sitandade 5. Nyanja yamchere siili ngati dziwe la kwathu. Imadzaza n'kuphwa tsiku lililonse, ndipo woyendetsa boti ayenera kudziwa nthawi yake ndi kuchuluka kwa madziwo, apo ayi boti likhala pamchenga alendo ali momwemo. Buku limapereka nthawi ya doko lalikulu lokha. Ya doko laling'ono uipeze wekha. Amakuuza kuti madzi akadzaza 12 koloko masana padoko lalikulu, pa laling'ono uwonjezere mphindi 20, ndipo akadzaza 6 koloko madzulo uwonjezere mphindi 50. Koma funso silibwera pa 12 kapena pa 6, ayi. Limabwera pa 2 koloko, pakati pa njira. Ndiye iwe uone kuti wayenda gawo lanji kuchoka pa 12 kupita pa 6, n'kuyendanso gawo lomwelo kuchoka pa 20 kupita pa 50. Yankho lake ndi 30. Ukatha nthawi, uchitenso chimodzimodzi ndi kuya kwa madzi. Zimenezi ankazitcha kuintapoleta, ndipo mawu amenewa ndinawamva kochuluka kuposa dzina la mwana wanga.

Vuto linali lakuti mapepalawo analibe mayankho. Anawakopa kwa mnzawo wina amene anali atachoka kale pa ntchito, ndipo masamba a mayankho sanali pomwepo. Tsiku loyamba la maphunziro analiphonya chifukwa anali pa shifiti. Choncho ankatha samu bwinobwino, n'kukhala akuiyang'ana osadziwa ngati akhoza kapena ayi.

"Bwanji osakafunsa aphunzitsi anu?"

"Ndifunse pagulu? Anthu aziti Mmalawi uja alibe mutu? Ayi, mayi. Ndipeza njira."

Njirayo anaipezadi. Anandiimbira pakati pa sabata, mawu ali mmwamba ngati munthu watola golide.

"Mayankho ali m'nyanjamo, mayi! Nyanja siinama. Ndiwerengera za Lachisanu likubwerali, kenako tikaona ndi maso ngati madzi adzaze pa nthawi yomwe ndapezayo. Mundipezere ndodo yaitali."

"Ndodo ndiitenga kuti ku West Bay? Mukuona ngati kuno kuli tchire?"

"Ya mopu ija munkati madamu akufuna kuitaya."

Ine ndine munthu wamanyazi kuyambira ndili mwana. Belu likalira kwa madamu, ndimalakalaka wina akatsegule. M'sitolo ndimaloza ndi chala m'malo molankhula. Tsono muganize munthu wotero atavala diresi lake labwino la Lachisanu, atanyamula ndodo ya mopu m'sitima ya metiro. Amayi awiri ovala zakuda anandiyang'ana, n'kuyang'ana ndodo, n'kuyang'anana. Kamwana kena kanaigwira n'kuyamba kukoka. Ndinaima njira yonse maso ali pa nsapato zanga.

Tinakumana ku Corniche, pafupi ndi pomwe ngalawa zamatabwa zimadikirira alendo. Pamenepo pali masitepe otsikira m'madzi. Kunali kozizirako, miyezi ija anthu amatuluka n'kumayenda m'mbali mwa nyanja ndi mabanja awo. Amuna anga anatulutsa tepi yoyezera ndi cholembera chakuda, n'kulemba timizere pa ndodo ija kuyambira pansi mpaka pamwamba. Kenako anandiuza kuti ndivule nsapato, nditsike, ndiimike ndodoyo pa sitepe yomwe inali m'madzi.

"Bwanji osagwira inuyo?"

"Nanga pepala ndi wotchi agwira ndani?"

Pepala lawo linkanena kuti madzi adzaza chakumasana, ndipo akwera kupitirira mamita atatu kuchokera pomwe anaphwera. Ndinayang'ana ndodo yanga, yomwe imandifika paphewa.

"Abambo, mamita atatu si ndiye ndimira ine ndi ndodo yomwe?"

"Akayamba kukwera muzibwerera mmbuyo. Musadandaule."

Sindinabwerere mmbuyo ngakhale sitepe imodzi. Pa nthawi yomwe anati madzi adzaza, madziwo anali akutsika. Anachoka pa akakolo anga, n'kusiya zala zanga poyera, kenako sitepe yonse inauma ndodo ili chiimire pa simenti. Amuna anga ankayang'ana pepala, wotchi, nyanja, n'kubwereranso pa pepala.

Foni inalira nthawi yomweyo. Anali mayi anga, atabwereka foni yazithunzi kwa aneba monga mwa masiku onse. Ndinaigwira ndi dzanja limodzi, lina lili pa ndodo. Mwana anayandikitsa nkhope mpaka ndinkangoona mphuno yokha.

"Amayi, mukuwedza nsomba?"

Mayi anga anamusuntha kuti aone okha. "Kodi ya m'nyumba ija inatha, mwayamba usodzi? Nanga mbedza ili kuti?"

"Tikuyeza madzi, amayi."

"Kuyeza madzi? Awatuma ndani?"

Mwana anati akufuna adadi ake. Ndinawatambasulira foni, koma iwo anakweza chala mmwamba, milomo ikuwerenga manambala. "Muuzeni adikire pang'ono, ndatsala pang'ono kuona pomwe ndalakwitsa." Mwana wa zaka zitatu sadikira. Pomwe ankatembenuka, iye anali atathamangira kale kwa anzake, ndipo aneba ankafuna foni yawo. Tsiku limenelo pobwerera ku metiro sindinawalankhule. Iwo sanaone n'komwe kuti sindikuwalankhula, chifukwa anali akuintapoleta chamumtima.

Lachisanu lina anabwera ndi mnzawo amene amagona naye chipinda chimodzi, mlonda wa pa geti ya hotela yomweyo, munthu wa ku Kasungu wosatha kukhala chete. Atangondiona nditaima m'madzi anafuula anthu onse akumva:

"Alamu, mwagwirako zingati? Ine mundisungire mitu yokha!"

Ndinkafuna nditalowa m'madzimo osatulukanso.

Mlondayo anatenga pepala lija, n'kulitembenuza uku ndi uku ngati dokotala. "Achimwene, masamu anu alibe vuto. Mwaiwala kuti buku ili analemba ndi azungu. Nthawi yawo ili mmbuyo. Onjezerani maola atatu."

Anawonjezera. Tinadikira maola atatuwo, ine ndikusinthasintha dzanja, miyendo itachita makwinya ngati ya nkhalamba. Nthawi itakwana, madzi anali atakwera pang'ono chabe ndipo ankapitirirabe kukwera mwaulesi.

"Ndiye kuti munayenera kuchotsera," anatero mlonda uja, osachita manyazi ngakhale pang'ono.

"Tikachotsera ndiye kuti nthawiyo inadutsa tisanafike kuno."

"Eya, n'chifukwa chake sitinaione. Mwakhoza, achimwene! Tiyeni tikadye."

Amuna anga sanaseke. Usiku wonse wa sabata imeneyo, monga anandiuzira mlondayo pambuyo pake, ankabwereza samu yomweyo mpaka anzawo a m'chipinda anawalanda tochi. Anasintha kawerengedwe. Pomwe poyamba ankawonjezera anayamba kuchotsera, pomwe ankagawa patatu anayamba kugawa pawiri, kungofuna kuti pepala ligwirizane ndi zomwe tinaona pa masitepe aja. Likagwirizana pa nthawi, linkakana pa kuya kwa madzi. Zomwe ankazidziwa bwino poyamba paja zinayamba kusokonekera.

Ine zinanditopetsa zonse. Sabata yonse ndimagwira ndodo ya mopu m'nyumba ya eni ake, ndiye tsiku langa lopuma ndizigwiranso ndodo ya mopu m'nyanja ya eni ake? Akazi anzanga Lachisanu amamangana tsitsi, amaphika nyemba zakwathu, amajambulitsa pa maluwa. Ine ndinali ndi mzere wa mchere pa diresi. Koma ndinkangonena kuti chabwino. Ndikaganiza zokana, ndinkaona tikiti ija.

Mayeso atatsala sabata imodzi, tinapitanso awiriwiri. Nyanja inachitanso zake. Pepala linkati yaphwa, iyo inali itadzaza mpaka kundinyowetsa m'mawondo. Amuna anga anakhala pansi pa sitepe yapamwamba, n'kupinda pepala lija kanayi.

"Halasi," anatero m'Chiarabu cha kuno. "Basi, mayi. Tulukanimo. Mutu wanga si wa zimenezi."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Sindikalemba. Ndikachite manyazi pamaso pa anthu chifukwa chiyani? Ndibwerera, ndikalima kachewere. Mwana azikhala ndi kholo limodzi pafupi. Inu mutsirize kontirakiti yanu, mudzatipeza."

Ananena mosavuta choncho, ngati akunena za basi yomwe yawasiya. Mtima wanga unatentha mpaka m'makutu. Ndinatuluka m'madzi, n'kuponya ndodo pansi.

"Ndiye Lachisanu zanga zonse zija zapita pachabe? Mwana wanu mwamulankhula liti komaliza? Mundisiye ndekha kuno chifukwa choopa kufunsa funso limodzi?"

"Musakweze mawu, anthu akutiona."

"Anthu akhala akundiona ine mwezi wathunthu nditaima m'madzi ngati kakowa!"

Ndinawalanda pepala lija m'manja. Pa ngalawa yapafupi panali bambo wina wachikulire, Mmwenye wa ndevu zoyera, amene ankaitanira alendo kuti akwere. Masabata onsewa ankationa, ndipo nthawi zina ankagwedeza mutu. Ndinayenda kupita kwa iye wopanda nsapato, diresi likudontha. Ndili pakati pa njira mkwiyo unayamba kuchepa ndipo manyazi anabwerera onse. Miyendo inkafuna kutembenuka. Koma kumbuyo kunali amuna anga ndi kachewere wawo, ndiye ndinapitirira.

Chingerezi changa ndi cha kukhitchini. Ndinamupatsa moni, mawu osamveka n'komwe, n'kumutambasulira pepala. Ndinaloza manambala, ndinaloza nyanja, n'kunena kuti sizikufanana.

Anavala magalasi ake omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chala pa dzina la doko lomwe linali pamwamba, n'kundifunsa m'Chingerezi chodukaduka ngati changa chomwe:

"Mwana wanga, malo awa ali kuti?"

Ndinati sindikudziwa. Ndinakodola amuna anga, ndipo anabwera akukoka miyendo.

"Si kuno komweko?" anatero iwo. "Ndimayesa ndi dzina lachizungu la doko lina la konkuno. Komanso nyanja si imodzi? Ikadzaza, yadzaza ponseponse."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Anaitana mnzake wa pa ngalawa ina, namuuza m'chinenero chawo, nayenso anaseka akumenya dzanja pa thabwa. Ine ndinkangoyang'ana zala za kumapazi kwanga.

"Ndayenda nyanja ino kuyambira ndili mnyamata," anatero atapuma. "Doko la dzina ili kulibe. Ndipo madzi okwera chonchi kuno sindinawaonepo. Atakwera chonchi, magalimoto awo mumsewumo asambira. Doko lililonse lili ndi nthawi yake, m'bale wanga. Iyi ndi nyanja ya anthu ena."

Anatulutsa foni yake n'kutionetsa mataidi a Doha a tsiku limenelo. Ankanena ndendende zomwe mawondo anga anali ataona.

"Nanga masamuwa ndakhoza?" anafunsa amuna anga, mawu atatsika.

"Amenewo sindiwadziwa. Ine ndimayang'ana foni ndi mwezi. Kafunseni amene anakupatsani pepalali." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndimayesa mwataya mphete m'madzimo. Ndinatsala pang'ono kukubwerekani ukonde."

Pobwerera tinayenda kamtunda ndithu. Kenako amuna anga anakonza kukhosi.

"Ndinkakayikira ndithu kuti pali china chake."

Ndinaima. "Munkakayikira?"

"Eya. Mamita atatu aja ankandidabwitsa."

"Amene anafunsa za mamita atatu tsiku loyamba lija ndani?"

"Tonse tinkaganiza chimodzi, mayi."

Zomwe zinabwera pakamwa panga sizinali zoyenera kuuza bambo wa mwana wako pamsewu. Ndinangowauza kuti mawa lomwe akafunse aphunzitsi awo, ndipo akapanda kutero ndipita ndekha ku hotelako ndi diresi lonyowa lomweli, ndikafunse pamaso pa anzawo onse. Anandiyang'ana n'kuona kuti mwina ndingathedi.

Anakafunsa. Aphunzitsiwo anawauza kuti madoko onse a m'mapepalamo ndi ongopeka, anawapangira mayeso basi, ndipo zimenezi anazinena tsiku loyamba lija iwo ali pa shifiti. Anawapempha masamu awo akale, aja a sabata zoyamba tisanayambe kupita kunyanja. Ambiri anali okhoza. Olakwika anali atsopanowa, omwe anawapotoza pofuna kusangalatsa masitepe a ku Corniche. Choncho masiku otsalawo anawathera pochotsa m'mutu zomwe anadziphunzitsa okha, n'kubwerera pomwe anali mwezi wathunthu mmbuyomo.

Tsiku la zotsatira ndinali ndikusita malaya a amuna a madamu. Foni inanjenjemera m'thumba la epuloni, ndipo ndinathamangira m'kachipinda kanga.

"Ndakhoza, mayi. Kontirakiti asayina mawa."

Ndinakhala pansi penipeni pa matailosi.

"Funso la mataidi linabwera," anapitiriza. "Linali lophweka kwabasi. Zinthu zija n'zosavuta, kungoti anthu amaziopa."

Ndinadula foni. Ndinalira pang'ono, ndinapukuta m'maso, n'kubwerera ku malaya aja madamu asanandifunefune.

Anatsaladi. Pano amavala yunifolomu yoyera ndipo amakwera nawo maboti. Koma alendo amakonda kukwera boti Lachisanu kuposa tsiku lina lililonse, ndiye ofu yawo anaisamutsira Lolemba. Zinanditengera masabata angapo kuti ndilimbe mtima n'kupempha madamu kuti yanganso isinthe. Ndinayeserera mawu ake ndikutsuka mbale, ndikuyala bedi, ndipo nditaima pamaso pawo ndinaiwala onse n'kungonena kuti, "Lolemba, chonde." Anandiyang'ana modabwa, n'kufunsa chifukwa chake sindinanene kalekale. Lolemba ku Al Mansoura kumakhala phee, akazi anzanga onse ali pa ntchito, ndipo aneba a mayi anga amabwereketsa foni madzulo okha akaweruka kumunda. Timakhala awiriwiri pa tebulo lathu lija n'kumadikira kuti ilire.